Tsiku Lomwe Nangozo Anakwera Boti

Ine ndine mwana wa kumapiri. Kwathu ku Dedza madzi aakulu omwe ndinkawadziwa anali a Linthipe akadzaza, ndipo ngakhale amenewo ndinkawaonera pa mlatho. Ndiye anthu akamva kuti ku Ireland ndinagwirapo ntchito pa boti, kutengera azungu pakati pa nyanja kuti akaone mbalame, amayamba aseka kaye, kenako n'kufunsa kuti, "Mbalamezo amadya?" Sadya ayi. Amangoziona, kuzijambula, basi n'kubwerera kwawo mitima ili mbee.

Chomwe chinandichotsa kumudzi sindichikamba pano. Ndingoti ndinachoka mothamanga ndi kachikwama kamodzi, n'kusiya mkazi wanga Nangozo ndi mwana wathu wamkazi Tadala, yemwe nthawi imeneyo anali akuphunzira kumene kulemba dzina lake. Ndinawauza kuti zinthu zikangokhala bwino ndiwaitana. Ndinkaona ngati ndi nkhani ya miyezi.

Ku Dublin ndinafikira ku hositelo ya anthu opempha pokhala. M'chipinda tinalimo amuna a mayiko osiyanasiyana, aliyense ndi bedi lake, foni yake ndi nkhawa zake. Poyamba ntchito sitinkaloledwa, moti tsiku linkatha ukungoyang'ana mvula pawindo. Mapepala atayamba kuyenda ndinagwira chilichonse chomwe chinapezeka: kutsuka mbale ku Drumcondra, kukolopa m'maofesi, kenako kusamalira okalamba. Kangachepe komwe ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi. Pa foni ndinkangoti, "Kuno kuli bwino." Nangozo nayenso ankangoti, "Kunonso kuli bwino." Zaka zinadutsa tikunamizana mwaulemu choncho.

Ntchito ya pa boti anandipezera ndi Sakala, mnzanga wa ku Chipata ku Zambia, yemwe tinadziwana ku tchalitchi ku Ongar. Iyeyu anali makaniko wa mainjini a maboti pa doko lina laling'ono kufupi ndi Balbriggan, komwe ndinali nditapeza kanyumba ka lendi. Lamulungu lina titaweruka mapemphero anandikokera pambali.

"Mudala, kuli nchito ya pa weekend," anatero m'Chinyanja chakwawo. "Kaputeni wina afuna munthu womuthandiza mu summer. Uziba kusambila?"

"Ayi."

"Palibe kanthu, bazakuvalika jekete. Nanga kuluka, umaluka?"

Ndinaganiza kuti akunena zoluka maukonde, ndiye ndinayankha kuti ndiphunzira. Sakala anaseka mpaka kugwira khoma la tchalitchi. Kwawoko kuluka ndi kusanza.

"Uzaphunzila zoona," anatero akupukuta misozi.

Mwini boti anali Fintan, bambo wamtali wa ndevu zotuwa, wosalankhulalankhula. Ntchito yanga inali kumanga ndi kumasula zingwe, kugawa majekete oyandamitsa, kutsuka boti, komanso kutakasa chomwe amachitcha chamu. Chamu ndi nsomba zosasa zosinjasinja, zothira mafuta a nsomba, zomwe amazitayira m'madzi kumbuyo kwa boti kuti fungo lake liitane mbalame za kutali. Fungo limenelo sindingalifotokoze. Mbalame zimalikonda, koma munthu wobadwa mwa mayi sangalikonde.

Ulendo wanga woyamba, tisanapitirire n'komwe chilumba cha Lambay, ndinamva malovu akudzaza m'kamwa. Thukuta lozizira linatuluka pamphumi, mutu n'kumazungulira. Ndinathawira m'kachipinda ka m'boti poganiza kuti ndikabisala zitha, osadziwa kuti ndiye ndaziputa. M'menemo munali fungo la dizilo, ndipo khoma, denga ndi mipando zonse zinkavina. Ndinasanza tiyi, ndinasanza buledi, ndinasanza ndulu, kenako ndinkangodzikoka popanda chotuluka. Azungu omwe ndinayenera kuwathandiza ndi omwe ankandidumpha ndili thasa pansi ngati thumba la chimanga chonyowa. Ndinapemphera kuti Mulungu angonditenga.

Titabwerera pa doko ndinavula jekete n'kulipereka, ndikudziwa kuti ntchito yatha. Fintan analilandira, n'kulipachika pa msomali, n'kunena kuti, "Loweruka ubwere utadya. Ndipo usadzalowenso m'kachipindamo."

Maphunziro anga anayambira pamenepo. Fintan anandiphunzitsa kuima pakati pa boti, pomwe sipagwedezeka kwambiri, nkhope ku mphepo, maso kuchizimezime komwe nyanja imakumana ndi thambo. Anati maso akamaona chinthu chosasuntha, mutu umasiya kukangana ndi mimba. Mawondo osawaumitsa, azitsata mafunde ngati munthu woimirira m'basi. Mayi wina wachikulire, yemwe sankaphonya ulendo, anandiuza za mapiritsi a ku famase, kuti amafunika kumwa usanakwere, chifukwa nseru ikayamba sathandizanso, komanso kuti ndifunse kaye chifukwa ena amagonetsa. Anandipatsanso masiwiti a jinja ndi mabisiketi ouma opanda shuga. Sakala naye anawonjezera zake: kugona tulo tokwanira, mowa osaugwira dzulo lake, m'mawa kudya pang'ono koma osati zamafuta, ndipo osakwera ndi njala. Zina ndinazitulukira ndekha, monga zoti foni ndi magalasi oonera patali aja ndi adani a mimba. Ukangoika diso m'menemo nthawi yaitali boti likuvina, wapita.

Pang'ono ndi pang'ono thupi linazolowera, mpaka mapiritsi ndinawasiya. Ndinasanduka ine woyang'anira odwala. Ndinkamuona munthu kuti uyu wayamba kuyasamula, wasiya kuyankhula, nkhope yachita mbuu, ndiye ndinkapita msanga kukamuimika pakati, kumuchotsa ku utsi wa injini ndi ku chidebe cha chamu, kumupatsa bisiketi ndi madzi omwa pang'onopang'ono. Ntchito yosamalira okalamba inali itandichotsa kale nyansi. Chilimwe chilichonse, Loweruka ndi masiku ena opuma, ndinali pa nyanja, ndipo ndinayamba kuikonda. Ndinadziwa mbalame zina mayina: ganeti, yoyera ya mapiko akuda kunsonga, ndi pafini, kakafupi ka mlomo wamawangamawanga koyenda ngati mkulu wa mpingo.

Chilolezo choitana banja chinatuluka mochedwa kwambiri. Pomwe chinkatuluka, Tadala anali atapitirira msinkhu womwe amalola kuti mwana atsate makolo, ndipo anali ku koleji ku Lilongwe. Anabwera ndi Nangozo yekha.

Ku bwalo la ndege ndinatsala pang'ono kumudutsa. Ine ndinkayang'ana mtsikana wamasaya yemwe ndinamusiya pa depoti, koma yemwe anaima patsogolo panga anali mayi wochepa thupi, wa imvi m'mbali mwa duku, manja olimba ngati a munthu woswa miyala. Tinapatsana moni wa pamanja ngati anthu okumana pamaliro.

M'nyumba munali zii. Nangozo ankadzuka m'mawa, kukolopa monse ngakhale moyera kale, kuphika, kenako n'kukhala pawindo kumaona sitima zikudutsa kupita ku tauni. Ndikaweruka ndinkayesa kucheza naye. Ndinkamusimbira za ku hositelo, za chisanu chomwe chinkandiswa zala, za mabwana onyoza, kuti adziwe kuti kunoko sindinkasewera. Iye ankamvetsera, n'kunena kuti, "Munavutika ndithu," basi n'kulowa kukhitchini. Akaseka ndiye kuti ali pa foni ndi Tadala, ndipo ndikalowa kusekako kunkatha.

Tsiku lina m'mawa ndikumanga nsapato kuti ndipite ku shifiti, anaima pakhomo la khitchini.

"Abambo a Tadala, ine ndikufuna kubwerera."

"Kubwerera kuti?"

"Kumudzi. Kuno ndilibe chochita. Mwana ali yekha. Inunso munazolowera kukhala nokha, ndikuona."

Zaka zonse zija ndinkapirira chifukwa cha tsiku lomwe tidzakhalenso nyumba imodzi, lero wafika akuti akubwerera. Ndinamuchonderera kuti adikire chilimwe chithe. Anati chabwino, koma masiku akangoyamba kufupika ndimugulire tikiti.

Nditamuuza Sakala anapukusa mutu.

"Iwe mudala, wamuvalila mu nyumba monga nkhuku. Mutenge aone kwamene usebenza."

"Pa boti? Akakasanza pamaso pa azungu ndiye kuti mawa lake akulongedza."

"Manje si ndiwe dokota wa zimenezo?"

Fintan anavomera msanga, anati malo alipo. Ine ndinkayembekezera kuti Nangozo akana, koma nditamuuza anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Ndipita. Ndikazione mbalame zomwe zinakusungani kunozi."

Sabata imeneyo ndinamukonzekeretsa ngati wopita kunkhondo. Ndinapita naye ku famase kukafunsa mapiritsi omuyenera. Ndinagula jinja, mabisiketi ouma, botolo la madzi. Ndinabwereka jekete lochindikala kwa mkazi wa Sakala, chifukwa munthu akazizidwa nseru imabwera msanga. Lachisanu ndinamuletsa kukazinga nyama, tinadya mpunga ndi ndiwo zamasamba. Ndinkangobwereza malamulo: pakati pa boti, maso kutsogolo, foni m'thumba, m'kachipinda osalowa.

"Ndamva, abambo a Tadala," anatero pomaliza. "Munanena kale dzana, dzulo munanenanso."

Loweruka m'mawa ndinamuphikira phala, n'kuimirira pompo mpaka analimaliza ndi kumwa piritsi lake. Ineyo tulo ndinali nditagona tochepa chifukwa cha nkhawa, ndipo pofika nthawi yonyamuka ndinazindikira kuti sindinadye kanthu. Ndinangomwa khofi wowawa chiimirire, tinyamuke.

Tsikulo kunali dzuwa, koma nyanja inali ndi mafunde aja aataliatali otsalira mphepo ikaomba dzulo lake, okweza boti pang'onopang'ono n'kulitsitsa ngati likumira. Amenewo ndiye oipa kuposa aphokoso. Ndinamuimika Nangozo pakati, n'kumugwiritsa chitsulo. Azungu anamupatsa moni mwansangala, iye n'kumangogwedeza mutu.

Kuyambira pamenepo maso anga sanapitenso kuchizimezime. Ndikukulunga chingwe, ndinkayang'ana Nangozo. Ndikugawa mabisiketi, ndinkayang'ana Nangozo ngati wayamba kuyasamula. Nditaona akutikita manja ndinati wazizidwa, ndiye ndinalowa m'kachipinda muja kukasaka magolovesi. Ndinachedwamo ndithu, mutu uli pansi, ndikuvundukula mabokosi pafupi ndi injini. Potuluka, bambo wina anandipatsa magalasi ake oonera patali kuti ndipeze pafini pamadzi ndimuonetse mkazi wanga, ndipo ndinasakasaka nawo boti likukwera ndi kutsika. Kenako Fintan anakuwa kuti yakwana nthawi ya chamu. Ndinavundukula chidebe chija, fungo lonse n'kundimenya kumaso.

Ndinamva malovu akudzaza m'kamwa.

Ndinakana mumtima. Ndinati ine ayi, zimenezi ndinathana nazo kalekale. Koma mimba simva zokambirana. Ndinangokwanitsa kutseka chidebe ndi kuthamangira m'mbali mwa boti, kumene mphepo inkalowera, khofi yense uja n'kubwerera ku nyanja. Fintan anasuzumira pawindo lake, anakweza nsidze, n'kupempha mmodzi wa makasitomala akale kuti atayire chamu.

Ndili chiweramire choncho ndinamva dzanja pamsana panga.

"Tiyeni tichokepo," anatero Nangozo. "Kuno kukununkha. Munati pakati."

Anandikoka ngati mwana, n'kundiimika pomwe ndinamuimika iye. Anandipukuta kukamwa ndi nsonga ya chitenje chomwe anachikulunga m'khosi, anandimwetsa madzi pang'ono, n'kundiika siwiti ya jinja m'kamwa.

"Dzutsani mutu. Yang'anani uko."

Ndinayang'ana. Manyazi anali atandigwira kuposa nseru. Iye anaima pambali panga, mapazi atatangadza, mawondo akutsata mafunde ngati anabadwira pa boti. Tonse awiri maso anali kutsogolo, palibe woyang'ana mnzake. Mwina n'chifukwa chake zinamuphwekera kuyankhula.

"Mukudabwa kuti ine sindikumva kanthu?" anatero. "Mwina ndi piritsi lanu lija. Koma mwinanso ndi malole. Inu mutachoka ndinayamba geni ya mbatatesi. Ndinkapikula kwa Bembeke, n'kukwera pamwamba pa matumba, kutsika nazo Khwekhwelere mpaka ku Golomoti. Msewu wokhotakhota uja, lole ikupendama, pansi phompho. Masiku oyamba ndinkasanza ngati inuyo. Amayi anzanga ndi omwe anandiphunzitsa kuyang'ana phiri lakutali."

Ndinatembenuka kuti ndiyankhe, koma nditangotsegula pakamwa mimba inanyamukanso.

"Khalani chete. Yang'anani kutsogolo, si mwatero nokha?"

Ndinatseka pakamwa.

"Ndalama munkatumiza, sindikukana. Koma nthawi ija munali ku hositelo osagwira ntchito, mumati tinkadya chiyani? Dimba lija munagula, achimwene anu analitenga, ati mkazi wa munthu wothawa sangasunge munda. Kumpingo amayi ankanong'onezana kuti munakwatira mzungu. Tadala ali sitandade sikisi anagonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu, mpaka anasiya kundizindikira. Inu munaimba foni tsiku limenelo, ine ndili pakhonde la wodi, ndinakuuzani kuti kuli bwino. Nanga ndikananena mukanatani, poti kubwera simukanatha?"

Ankayankhula mosakweza mawu, mosalira, ngati akusimba za munthu wina. Boti linkakwera, linkatsika. Ndikanakhala bwinobwino ndikudziwa chomwe ndikanachita. Ndikanamudula pakamwa, ndikanalumbira za achimwene, ndikanayamba kufotokoza kuti inenso nthawi imeneyo zinali zitandithina. Koma pakamwa panali potseka, ndiye ndinamva zonse, mpaka kumapeto.

"Nditafika kuno ndinkadikira kuti mundifunse kuti, kodi Nangozo, unakhala bwanji zaka zonsezi? Simunandifunse. Mumangondiuza za chisanu. Ndiye ndinati bamboyu akufuna womumvera chisoni, osati mkazi."

Ndinameza malovu, ndinapuma mpweya wambiri, n'kukwanitsa mawu ochepa.

"Pepani, Nangozo. Musasiye. Nenani zonse."

Anapitiriza. Anandiuza za tsiku lomwe lole inaphulika tayala pakona, za mayi wina wa ku Mganja yemwe ankamusungira malo pamsika, za momwe Tadala ankagonera ndi malaya anga akale mpaka anang'ambika. Zina zinali zoseketsa, ndipo ndinamva mawu ake akumasuka. Mphepo inkandiomba kumaso, jinja akutentha pakhosi, ndipo ndinazindikira kuti mimba yayamba kukhazikika. Misozi yomwe inkatsika ndinaisiya, aliyense ankaona ngati ndi ya kusanza.

Mwadzidzidzi azungu onse anathamangira mbali imodzi, makamera ali m'mwamba. Maganeti anali atapeza nsomba pafupi ndi boti. Ankakwera m'mwamba, kupinda mapiko, n'kugwa chamutu ngati mikondo, madzi n'kuthovoka. Ina pambuyo pa inzake, mbali zonse, phokoso lokhalokha.

"Mayo ine!" anakuwa Nangozo atandigwira mkono. "Zithyoka makosi izi! Taonani iyo, taonani iyo! Yatuluka nayo!"

Anaseka mokweza, kuseka kwake kwakale kuja kotulutsa mano onse, mpaka mayi wachikulire uja anatembenuka n'kuseka naye limodzi, ngakhale sankamvana chinenero. Ine mbalame sindinazione bwino tsiku limenelo. Ndinkaopa kusuntha mutu, komanso zomwe ndinkamva m'khutu zinali zondikwanira.

Pobwerera mafunde anagwira anthu ena awiri, mnyamata wa kamera yaikulu ndi bambo wina wonenepa. Ndinayesa kudzuka kuti ndikagwire ntchito yanga, koma Nangozo anandikhazika pansi. Anatenga paketi ya mabisiketi ndi botolo la madzi, n'kupita yekha. Chingerezi chake chinali chochepa, koma anamugwira bambo uja paphewa, n'kumulozera kuchizimezime ndi chala, bamboyo n'kumvera ngati mwana wasukulu. Titafika pa doko Fintan anamugwira Nangozo chanza ndi manja awiri, chinthu chomwe ine sanandichitirepo. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Loweruka likubwerali, mwa awirinu abwere ndani?"

Tinayenda wapansi kupita ku siteshoni. Miyendo yanga inali yofooka, nthaka ikuchita ngati ikuyendabe, ndipo Nangozo anandigwira pachigongono njira yonse. Anandigulira tiyi ndi sikono pa kashopu ka pakona, n'kuimirira mpaka ndinamaliza. Tili pa benchi kudikira sitima anaimbira Tadala pa vidiyo.

"Bambo ako lero andichititsa manyazi pamaso pa azungu," anatero, n'kuyamba kusimba zonse, akuwonjezera ndi zina zomwe sizinachitike. Tadala anaseka mpaka foni inamugwa. Atatola anati, "Adadi, ndionetseni nkhope," ndipo tinapanikizana mitu pa kagalasi kamodzi kuti ationere limodzi.

Foni itatha sitima inali isanafikebe. Nangozo anawerama, anavula nsapato imodzi, n'kukhuthula madzi omwe analowa pa boti. Anafinya sokosi, n'kuiyang'ana mokwiya.

"Nsapato za ku Lilongwe sizingathe kuno," anatero. "Mukapuma mundiperekeze ku tauni ndikagule zosalowa madzi. Ndi jekete langalanga, osati zobwereka. Akazi a Sakala akuti ikafika December kumazizira zoopsa."

December anali kutali, kupitirira nthawi yomwe anati ndimugulire tikiti. Ndinafuna kufunsa kuti nditsimikize, koma tsiku limenelo ndinali nditaphunzira kanthu kena. Ndinangomulandira nsapato ija, n'kuipukuta m'kati ndi mpango wanga.

"Lolemba ndili off," ndinatero. "Tipite m'mawa."

Sitima inatulukira pakona. Nangozo anavala nsapato yake yonyowa, anaimirira, n'kunditambasulira dzanja kuti andidzutse.